Momwe ndinadulira nthambi za mtengo wa aneba popanda mlandu

Mtengo wa maapozi wa aneba athu kuno ku Leeds unatambalala mpaka nthambi zake kumakhula denga la shedi yathu, masamba n'kumatseka paipi ya madzi a mvula.

Lamulo la ku England limalola kudula nthambi zimene zalowa kwako, koma kulekezera pamalire penipeni. Mlandu wa Lemmon v Webb wa 1894 unagamula kuti sufunika chilolezo cha mwini mtengo, bola usaponde pabwalo pake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nthambi wadulazo, ngakhale maapozi ali pomwepo, ndi za mwini mtengo. Uyenera kumufunsa ngati akuzifuna, osati kungoziponyera kuseri kwa mpanda.

Ndisanagwire sowo ndinafunsa kukhonsolo ngati mtengowo uli pa Tree Preservation Order, chifukwa mtengo wotetezedwa ukaudula popanda chilolezo umalipitsidwa. M'madera otchedwa conservation area, otetezedwa chifukwa cha mbiri kapena kamangidwe kake, umayeneranso kudziwitsa khonsolo milungu 6 usanadule. Mtengo wa anebawu sunali m'magulu awiri onsewa. Koma munali chisa cha mbalame, ndipo lamulo la Wildlife and Countryside Act 1981 limaletsa kuwononga chisa chimene mbalame zikugwiritsa ntchito, choncho ndinadikira mpaka Seputembala.

Ngakhale lamulo silikakamiza, ndinakagogoda kwa agogo eni mtengowo. Kwa ine kudula mwakachetechete n'kuputa chidani chopanda pake. Iwo anatuluka, tinaonera limodzi pamene mpanda wadutsa, ndipo anandipempha kuti ndisapepule mbali imodzi mopitirira, mtengo ungapendekeke. Ndinadula zokhudza denga zokha. Maapozi anatenga, nthambi anati ndikataye.