Kuyendetsa bwato laling'ono pakati pa sitima zokankha katundu pa Mississippi

Pa mtsinje wa Mississippi ku America, chimanga, soya, malasha ndi feteleza zimayenda m'zimaboti zafulati zopanda injini zotchedwa barge, zomwe zimakankhidwa ndi sitima yamphamvu yokhala kumbuyo. Barge imodzi imatalika pafupifupi mamita 59 ndipo imasenza matani ngati 1,500. Kumtunda kwa St. Louis amazimangirira pamodzi zokwana 15, zitatu m'lifupi ndi zisanu m'litali, pomwe kumunsi kwa mzindawu mdipiti umodzi umatha kupitirira 30.

Mukakhala m'bwato laling'ono, yambani ndi kuvomereza kuti katundu wotereyu saima msanga. Woyendetsa akabweza injini, mdipitiwo umapitabe mtunda woposa kilomita imodzi, makamaka ukamatsika ndi madzi, ndipo n'chifukwa chake malamulo a pamtsinjewu amati wotsika ndiye woyenera kupatsidwa njira. Choncho mukangouona patali, tulukani m'njira yakuya yomwe imasonyezedwa ndi zizindikiro zoyandama, zofiira kudzanja lamanja ndi zobiriwira kumanzere kwa munthu wopita kumtunda.

Musadutse kutsogolo kwake, ngakhale mtima ukuuzeni kuti mukwanitsa. Woyendetsa amakhala mamita pafupifupi 300 kumbuyo kwa barge yoyamba, ndipo chilichonse chomwe chili pafupi ndi mphuno yake sachiona. Injini yanu ikangozima pamenepo, madzi adzakukokerani pansi pa chitsulocho iye osadziwa n'komwe. Ngozi yomweyi iliponso pa barge zomwe zamangidwa m'mphepete, pakuti madzi amalowa pansi pake mwamphamvu, ndiye musamaweze nsomba chakumtunda kwake. Kumbuyo kwa sitima nako madzi amawinduka kwa mtunda wautali, ndipo ndi bwino kudikira kuti akhazikike musanaoloke.

Usiku ndiye pofunika maso kwambiri. Kumphuno kwa mdipiti kumakhala nyale yachikasu yothwanima pamodzi ndi yofiira ndi yobiriwira, kenaka mdima wautali, kenaka nyale za sitima yokankhayo. Munthu wosazolowera amaganiza kuti ndi zombo ziwiri zosiyana n'kufuna kudutsa pakati, pomwe mdimawo ndi chitsulo chokhachokha.

Mukamva hutala ikulira kasanu motsatizana mofupikitsa, dziwani kuti woyendetsa waona ngozi, ndipo mwina ngoziyo ndinu. Khalani ndi wailesi yolankhulirana pamadzi ya mtundu wa VHF, chifukwa pa tchanelo 16 ndi poitanira thandizo, pomwe oyendetsa sitima kumtunda kwa mtsinjewu amalankhulana pa 13.

Pa zipata zokwezera ndi kutsitsira zombo, zomwe zimayang'aniridwa ndi nthambi ya mainjiniya a asilikali a America yotchedwa US Army Corps of Engineers, sitima zamalonda zimalowa patsogolo pa mabwato ongosangalalira. Zipata zambiri n'zotalika mamita 183 okha, kotero mdipiti wa barge 15 amaudula pawiri n'kuulowetsa kawiri, ntchito yomwe imatenga ola ndi theka kapena kuposerapo. Dikirani patali ndi khoma, mutavala jekete yoyandamitsa, mpaka nyale yobiriwira itayaka.