Msika usanatseguke, kalabu ikambe za nkhanza

Ife amene timayenda m'midzi ndi ulangizi timadziwa kuti mabanja ambiri amagwedezeka nthawi yogulitsa soya, mtedza ndi fodya. Mayi anagalauza, anapalira, anakolola, koma matumba akakwera pa njinga bambo amapita yekha kumsika. Akabwera patatha masiku atatu, mayi akafunsa za ndalama amalandira mbama. Ambiri samaziwerengera ngati nkhanza, amati ndi mmene banja limakhalira. Komatu lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limaletsa kumenya, ndipo limatchulanso kumana mnzako chuma chimene ayenera kupeza.

Choncho atsogoleri a makalabu a alimi ndi magulu a banki mkhonde, musadikire masiku 16 olimbana ndi nkhanza, a pa 25 Novembala mpaka 10 Disembala. Nthawi imeneyo ndalama zinatha kale. Itanani msonkhano mu Epulo, ndipo aliyense abwere ndi mnzake wa m'banja. Ndaonapo misonkhano ya nkhanza yodzaza amayi okhaokha, abambo ali pa bawo. Amayiwo amawomba m'manja n'kubwerera kunyumba komwe kuli chibakera chija.

Musayambe ndi kulalikira kapena kuloza munthu chala, abambo adzangonyamuka mmodzimmodzi. Yambani ndi masamu. Banja lililonse likhale pansi ndi pepala: takolola matumba angati, tisunga angati a chakudya, za feteleza ndi zingati, za fizi ndi zingati, ndipo kumsika tipita ndani ndi ndani. Funso lomalizali ndi lomwe limautsa mkangano, ndipo lisiyeni liutse. Pezani bambo mmodzi amene amagulitsa limodzi ndi akazi ake afotokoze mmene anakhomera malata. Abambo amamvera mnzawo kuposa mlangizi.

Ankhoswe nawo aitanidwe, pamodzi ndi anyakwawa ndi akuluakulu a mpingo kapena mzikiti. Apa pafunika kugwirizana poyera kuti ndi nkhani ziti za ankhoswe. Kusamvana pa ndiwo kapena pa ulendo wa kwa apongozi, akambe. Koma munthu akavulazidwa, akaopsezedwa ndi chikwanje, kapena mwana akagwiriridwa, si nkhani ya mbuzi kubwalo la amfumu. Mawu oti "banja ndi kupirira" abweza amayi ambiri kunyumba zomwe anayenera kuchokamo.

Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyo, ndipo amalandiranso oteteza kutenga mimba. Ngati n'kotheka asasambe, zovala asachape, popeza ndi umboni. Ngati wasamba kale, apitebe. Kuzipatala zina zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli malo a Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi azachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Kupolisi funsani ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Wina amuperekeze, ndipo woperekezayo asunge pakamwa. Nkhani ikafika padambwe kapena pamjigo, wina wochitiridwa nkhanza sadzaulula.

Za ana aakazi, lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuyimitsa mafumu amene ankawavomereza. A gulupu, mphamvu yokana ukwati wa mwana muli nayo inunso. Gwirani ntchito ndi amayi a mother group pasukulu, amadziwa msanga mtsikana akasiya kubwera m'kalasi.

Msonkhano usanathe, sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, omwe munthu angawagogodere usiku. Lembani manambala aulere pakhoma la chigayo ndi pachikuto cha buku la kalabu: 116 pa nkhani za ana, 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi.