Momwe mungabayire insulini kawiri pa tsiku osasokoneza shuga

Ambiri omwe ali pa jakisoni wa matenda a shuga amachoka kuchipatala ndi mabotolo awiri a insulini, lina looneka ngati madzi, lina lotuwa ngati mkaka. Kusiyana kwawo kwagona pa nthawi yomwe aliyense amagwira ntchito, ndipo chakudya chanu chiyenera kutsatira nthawi imeneyo.

Wamadziyo ndi soluble, monga Actrapid. Amayamba kugwira ntchito pakatha mphindi 30, mphamvu yake imakula pakati pa maola 2 ndi 4, n'kutha pakatha maola 6 mpaka 8. N'chifukwa chake amabayidwa kutatsala mphindi 30 kuti mudye. Wamkakayo ndi NPH, monga Insulatard kapena Protaphane. Amayamba mochedwa, pakatha ola limodzi kapena awiri, koma amakhalitsa maola 12 mpaka 18. Palinso wosakaniza kale, monga Mixtard 30, momwe magawo 30 ndi soluble, 70 ndi NPH. Koma muziwerenga dzina pabotolo: insulini wina wotchedwa glargine nayenso amaoneka ngati madzi, chonsecho amagwira ntchito pafupifupi maola 24 ndipo sasakanizidwa ndi wina aliyense.

Mlingo amauika ndi adokotala, osati oyandikana nawo nyumba omwe nawonso amabaya. Kawirikawiri magawo awiri mwa atatu a mlingo wa tsiku amabayidwa m'mawa, lotsalalo madzulo. Wa mayuniti 30 pa tsiku, ndiye kuti 20 asanadye kadzutsa, 10 asanadye chamadzulo. Pomwe ambiri amagwa ndi apa: NPH wam'mawa amafika pachimake masana. Mukabaya n'kupita kumunda kapena kumaliro, nkhomaliro n'kuphonya, shuga adzatsika ndithu. Tengani kamba m'thumba.

Musanabaye, sambani m'manja ndipo onani ngati botolo ndi sirinji zonse zalembedwa U-100. Botolo la wamkaka lifikiseni pang'onopang'ono m'manja kokwana 20 mpaka lituwe lonse mofanana, musalikhutchumule. Posakaniza awiriwa m'sirinji imodzi, kokani mpweya wofanana ndi mayuniti a NPH, muulowetse m'botolo lake, osakoka mankhwala. Lowetsaninso mpweya m'botolo la soluble, litembenuzeni, mukoke mlingo wake, kenako mukoke wamkaka. Woyamba ndi wamadzi nthawi zonse, chifukwa dontho la NPH likalowa m'botolo la soluble limamuchedwetsa kugwira ntchito. Mukapyoza mlingo musabwezere m'botolo. Tayani zonse, muyambirenso.

Tsinani khungu la pamimba, motalikira zala zitatu kuchoka pamchombo, kapena lapantchafu. Lowetsani singano mowongoka, kankhani mankhwala onse, muwerenge mpaka 10 musanaizule, ndipo musafikise pamalopo. Muzisinthasintha pobaya. Malo amodzimodzi amachita chotupa cholimba chomwe sichipweteka, n'chifukwa chake anthu amapakonda, koma mankhwala sayenda bwino pamenepo ndipo shuga amangokwera ndi kutsika mosadziwika bwino.

Botolo losatsegula likhale m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8. Likaundana latha ntchito. Lotsegula musalisunge kupitirira mwezi. Kopanda magetsi, liikeni m'kachitini kotseka bwino, mukakwirire mumchenga wonyowa mumtsuko wadothi, pamthunzi podutsa mphepo.

Kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga kapena kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zoti shuga watsika. Pamakina oyezera shuga ndi kuchepera 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL. Sungunulani masupuni atiyi 3 kapena 4 a shuga m'madzi mumwe, muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo mubwereze ngati sanakwere. Mukapezako bwino idyani phala, buledi kapena nsima, chifukwa insuliniyo akadali m'thupi. Wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mumupake shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, muthamangire naye kuchipatala.

Mukadwala malungo kapena kutsegula m'mimba, musasiye kubaya poganiza kuti simukudya. Matenda amakweza shuga, ndipo kwa wodwala shuga wa mtundu woyamba kusiya insulini kumadzetsa asidi m'magazi yemwe amapha. Yezani maola 3 kapena 4 aliwonse ndipo muzimwa madzi pafupipafupi. Mukayamba kusanza mosalekeza, kumva m'mimba kupweteka kapena kupuma mozama, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mabotolo anu ndi buku lachipatala zili m'manja.