Tiana ta chinkhanira tikasiyidwa ndi make, pangani izi

Chinkhanira sichiikira mazira ngati tizilombo tina, chimabereka ana amoyo, toyera mbee tofewa, ndipo tikangobadwa timakwera pamsana pa make nkukhala pompo mpaka titafundula khungu loyamba. Kwa mitundu yambiri zimatenga wiki imodzi kapena awiri, pena mpaka atatu. Ndiye ngati mukuweta chinkhanira mukontena, mukapeza tili mbwee pansi make ali kwina, dziwani kuti tili pangozi ndithu.

Poyamba yesani kutibwezera. Chotsani tizilombo tonse tamoyo timene munaika ngati chakudya, kenako tengani kaburashi kofewa muzitikankha pang'onopang'ono kufupi ndi zopanira za make, phimbani kontena ndi nsalu muchokepo. Nthawi zambiri make amataya ana chifukwa chosokonezedwa, kuwala kwambiri, kugwedezagwedeza kontena, kapena malo auma. Koma mukaona kuti wayamba kutidya musadikirenso ayi, tichotseni basi.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, amathamangira kutipatsa chakudya. Chonde musatero. Tisanafundule sitidya kalikonse, tili ndi chakudya chake kale mthupi chimene tinabadwa nacho, ndipo kachiwala kamoyo mukakaika mmenemo ndi kamene kazitiluma. Chimene chimatipha ndi kuuma, khungu lake silinayambe kusunga madzi bwino ndiye pamsana pa make paja mpamene timatetezeka. Ntchito yanu yonse ndi chinyezi basi.

Pezani kakontena ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro, boolani timabowo ndi singano. Pansi yalani tishu wonyowa kapena dothi loyera lopanda feteleza kapena mankhwala, lonyowa moti mukalifinya madzi asadonthe. Mbali imodzi isanyowe kwambiri kuti tizisankha tokha pokhala. Ikani kakhungwa ka mtengo tibisale pansi pake, ndipo tisiyeni tiunjikane pamodzi, panopa sitidyana. Mbale ya madzi mkatimo ayi, timamira ngakhale mkadontho.

Kutentha kukhale madigiri 25 mpaka 30, malo amdima, osati padzuwa kapena pawindo chifukwa pulasitiki imatentha msanga. Ngati ndi emperor, Pandinus imperator, chachikulu chakuda chija chochokera kunkhalango za ku Ghana ndi Togo, chinyezi chikhale chambiri cha m'ma 80 peresenti. Zinkhanira za kumalo ouma muchepetseko chinyezicho koma kona imodzi izikhala yonyowabe. Suzumirani kamodzi patsiku, tishu akachita chuku sinthani, kakufa kachotseni msanga. Nyerere nazo ndi adani oopsa, khazikani kontenayo pa mbale ya madzi kuti zisakwere.

Tikayamba kufundula musatikhudze olo pang'ono, olo tioneke ngati tafa. Tikamaliza dikiraninso masiku 5 mpaka 7 khungu lilimbe, timayamba kuderako komanso kuyendayenda, apo ndiye nthawi ya chakudya. Chiswe chimathandiza kwambiri bola musankhe chopanda mitu ikuluikulu ija yoluma, kapena kachiwala kakang'ono kopha kale mudule tizidutswa. Kawiri pa wiki zakwana, zotsala muchotse mawa lake. Apa mutha kutigawa kalikonse mkakontena kake poti tsopano tayamba kudyana, ma emperor amapirirana ndithu akamakhuta koma ine sindingaike onse pamodzi.

Tikafundula mbola yayamba kugwira ntchito, musatigwire ndi manja, gwiritsani supuni kapena burashi. Muonenso make bwinobwino, ngati ali ndi mchira wonenepa koma zopanira zoonda, monga Parabuthus wopezeka ku Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, poizoni wake ndi woopsa makamaka kwa ana, kontenayo izikhala yotseka ndiponso pamwamba pomwe mwana sangafikire. Wina akalumidwa nkuyamba kutuluka dovu, kunjenjemera kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.