Mphika, bawo ndi mpira: zoti muchite Loweruka muli kunja

Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse ndimapezeka ndikumanga katoni yopita kwa m'bale wina ku Joni kapena kutsidya la nyanja. Uthenga wake umakhala womwewo: "Achimwene, musaiwale usipa." Inenso ndinakhalako ku Johannesburg zaka zingapo, choncho ndikudziwa kuti masiku a ntchito savuta kwenikweni. Lovuta ndi Loweruka masana, ukakhala wekha m'chipinda, foni ili m'manja, ukungoyang'ana zithunzi za anthu akudya kanyenya kwathu. Ndalemba izi kuti tsiku limenelo muzikhala ndi chochita, komanso anthu ochita nawo.

Tiyambe ndi mphika. Amene muli ku South Africa ufa si nkhani: Iwisa, Ace kapena White Star amaphika nsima yoyera bwinobwino, kungoti ufa wake umamwa madzi kwambiri, ndiye phala lizikhala lopyapyala ndipo mulisiye libwate nthawi yokwanira musanayambe kuthira ufa wina. Amene muli ku London, Dublin kapena ku America, funani masitolo a anthu a ku Africa ndipo mufunse ufa wa chimanga choyera umene anzathu a ku Kenya amaphikira ugali kapena a ku Zimbabwe sadza. Musagule masa harina wa ku Mexico poganiza kuti ndi womwewo. Chimanga chake amachiphika ndi laimu asanachigaye, ndipo nsima yake imanunkhira zachilendo. Mthiko ndi chipande nyamulani kwathu, sizilemera. Supuni yamatabwa ya m'masitolo a kunjako imakhala yaifupi, ndipo nsima ikayamba kulimba imakuthyokerani m'manja.

Ife a kumpoto vuto lathu lenileni ndi kondowole. Ufa umene umalembedwa kuti fufu nthawi zambiri umakhala wa nthochi kapena mbatata, ndipo sufanana n'komwe ndi wa ku Nkhata Bay. Funsani lafun, ufa wa chinangwa chovundika wa ku Nigeria. Umenewo ndiwo uli pafupi, chifukwa nawonso amaviika chinangwa m'madzi masiku angapo, n'kuchiyanika, n'kuchisinja. Kaphikidwe n'komwe mukukadziwa: madzi awire kwambiri, muphule poto, muthire ufa wambiri nthawi imodzi, kenako mupane potoyo ndi mapazi n'kuvundula ndi mphamvu zanu zonse mpaka ikoke. Mukachita ulesi pamenepa mudya mibulu.

Ndiwo nazo zilipo, dzina lokha ndilo limasintha. Kapenta wa ku Zambia ndi Zimbabwe, kapena dagaa wa ku Tanzania, amalowa m'malo mwa usipa. Muviike kaye m'madzi ofunda kuti mchenga ndi kuwawa zichoke. Chigwada chosinjasinja chimagulitsidwa chozizira m'masitolo a anthu a ku Congo, iwo amati pondu kapena saka saka. Bonongwe anthu a ku Jamaica amamutcha callaloo. Nsinjiro ndi yosavuta: gulani mtedza wauwisi mugaye pang'onopang'ono pamakina, koma musapitirire, ungasanduke chiponde. Pa therere, soda wophikira amagwira ntchito ya chidulo. Chimene sindinachipezere cholowa m'malo ndi batala wa ku Nkhata Bay ndi fungo la mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Zimenezo ndi zoitanitsa basi, pamodzi ndi khofi wa Mzuzu, tiyi wa Chombe ndi botolo la Nali.

Poitanitsa samalani ndi malamulo a pabwalo la ndege. Ku Britain salola nyama ndi za mkaka zochokera kwathu kuno, ngakhale nyamayo ikhale yofutsa, pomwe nsomba zouma amalola pamlingo wa munthu mmodzi. Ku Australia ndi ku America chakudya chilichonse muyenera kuchilemba pafomu, ndipo ku Australia amafunanso kuona zinthu zamatabwa ndi njere. Kulemba sikulakwa, akakana amangolanda. Kubisa ndiko kumabweretsa chindapusa. Usipa muukulunge m'mapepala apulasitiki kawiri kapena katatu. Ine tsiku lina ndinaukulunga kamodzi, ndipo jekete limene linali m'chikwama momwemo linanunkha nyanja mwezi wathunthu.

Tsopano bawo, imene ndimaikonda kuposa zonse. Aliyense amene anadutsako pansi pa mitengo pafupi ndi msika wa Mzuzu akudziwa phokoso la nkhomo zikugwera m'maenje, madala atazungulira, wina akulangiza asanafunsidwe. Bawo ili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo ndi 64, aliyense 32. Pa bawo yeniyeni ya akuluakulu mumaika nkhomo 8 m'nyumba (dzenje lapadera la mumzere wanu wakutsogolo), ziwiriziwiri m'maenje awiri oyandikana nayo, ndipo 20 zotsalazo zimakhala m'manja n'kumalowa imodziimodzi. Kwa ana ndi ongoyamba, ikani ziwiri dzenje lililonse, aphunzire kaye kufesa, kudya ndi kutakata. Ngati thabwa mulibe, lumikizani mathireyi awiri a mazira n'kudula kuti patsale mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Nkhomo ndi njere za mtengo, ndiye mayiko ena akhoza kukulandani. Mabulo kapena nyemba zikuluzikulu zimakwanira.

Chimene ndinaona ku Joni n'chakuti bawo imaitana anthu. Tinkaiyala pakhonde Loweruka, ndipo posakhalitsa mnyamata wa ku Tanzania wa nyumba yoyandikana nafe anayamba kubwera, chifukwa kwawonso amasewera, amati bao. Malamulo ankasiyana pang'ono, tinkakangana, kenako n'kudyera limodzi. Munthu amene sangakuuzeni mavuto ake pafoni amayamba kulankhula akuwerenga nkhomo: za bwana wovuta, za mapepala, za mayi akudwala kumudzi. Drafuti ya zitsekerero za mabotolo imachitanso chimodzimodzi, ndipo imangofuna katoni ndi cholembera.

Ana obadwira kunja aphunzitseni phada ndi fulaye. Mpira wa fulaye ndi masokosi akale okulungakulunga. Akamasewera muziwerenga nawo m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, pakuti mawu olowa posewera satuluka msanga.

Za mpira sizifuna malangizo ambiri. Masewero a Bullets, Wanderers, Silver kapena Moyale Barracks ya kuno ku Mzuzu mukhoza kuwatsatira pa wailesi za kwathu monga MBC, Zodiak ndi Times, zimene zimamveka pa intaneti. Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku South Africa. Ku Britain ali m'mbuyo ndi maola awiri nyengo yozizira, ola limodzi nyengo yotentha. Amene muli ku America muli ndi mwayi woonera Temwa Chawinga wa ku Rumphi, amene anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya kumeneko mu 2024 akusewerera Kansas City Current. Pitani ndi mbendera. Amene anaonera limodzi chigoli cha Gabadinho Mhango pa Morocco mu 2022 akudziwa kusiyana kwa kukuwa wekha ndi kukuwa ndi anzako khumi. Chimodzi chokha ndikupempheni: kubetcha pafoni kusalowe m'malo mwa kuonera mpira. Ndaona ndalama ya lendi ndi ya fizi ya ana kumudzi ikuthera mmenemo mwakachetechete.

Pokonza zokumana, sankhani tsiku lokhazikika, monga Loweruka loyamba la mwezi, ndipo nyumba zizisinthana. Wina abwere ndi ufa, wina ndiwo, wina thobwa. Zikasiyidwa kwa banja limodzi zimatha pakangopita miyezi itatu, ndipo amayi a m'nyumbamo ndi amene amatopa. Abambo, mbale tsukani. Pa 6 July chitani chachikulu: zitenje, mbalagha ya nthochi ndi nyama, ndipo ngati pali a ku Nkhata Bay kapena Karonga, musawasiye apite asanavine malipenga. Itananinso uja wangofika kumene, amene sanadziwe ngakhale kogula ufa. Nambala yake ili kale m'gulu lanu la WhatsApp.