Kuchokera ku Dedza Kupita ku Zanzibar: Zovala ndi Mayendedwe

Achemwali, mwafunsa kuti muvale chiyani ndipo mukayende bwanji mukapita kukacheza ku Zanzibar, chilumba cha ku Tanzania.

Choyamba, majuzi olemera a kuno ku Dedza asiyeni. Tengani imodzi yokha ya m'basi, chifukwa ku Mbeya usiku kumazizira, koma ku Dar es Salaam ndi pachilumbapo kumatentha kwambiri. Longedzani zovala zopepuka za thonje.

Chachiwiri, ndipo apa ndikutsindika, anthu ambiri ku Zanzibar ndi Asilamu. Mukamayenda mu Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar, kapena m'midzi, valani zobisa mapewa ndi maondo. Zosambira n'za kugombe basi. Chitenje musachisiye, chikakuthandizani kufunda pamapewa kapena kumutu. Ngati ndi mwezi wa Ramadan, musamadyere pamsewu masana.

Kenako ulendo. Kwerani basi ku Lilongwe, mudutse Karonga, mudinditse pasipoti pa Songwe, mulowere ku Mbeya mpaka Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri kukafika ku Zanzibar. Tikiti gulani pa ofesi yeniyeni, osati kwa oitanira panja.

Pachilumbapo daladala, minibasi ya kumeneko, ndiyo yotchipa. Takisi, gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo sungani mashilingi ang'onoang'ono olipirira.