Momwe mungapempherere ndi chithunzi cha Mulungu wokonda ngati mayi

Choyamba pezani chithunzi chimodzi chabe, osati khumi. Ambiri muno mu Lusaka tili nacho kale cha Amayi Maria atanyamula Yesu, pa kalenda yakale kapena pa chitenje cha kutchalitchi, n'chabwino ndithu. Koma mukafuna choloza kwa Mulungu mwini wake, sakani pa intaneti cha thadzi lofungatira anapiye chimene chili pa guwa la tchalitchi cha Dominus Flevit ku Yerusalemu, maziko ake ndi Mateyu 23:37. Chinanso ndi cha Rembrandt, wojambula wakale wa ku Holland, cha mwana wolowerera chija, muyang'anitsitse manja a bambo pamsana pa mwanayo, lina ndi lalikulu lolimba pomwe linalo ndi lofewa ngati la mzimayi. Kachipulinteni papepala, chifukwa mukamapempherera pa foni WhatsApp siyichedwa kukubani.

Ena azakufunsani kuti kodi manje mwayamba kupembedza mulungu wamkazi? Ayi. Katekisimu wa Katolika pa ndime 239 amati Mulungu si mwamuna si mkazi, ndipo chifundo chake tingachifotokozenso ndi umayi. Si zatsopano izi, Julian, mzimayi wopemphera wa ku Norwich ku England amene anaona masomphenya mu 1373, ankatcha Yesu mayi wathu, nayenso Papa John Paul I mu 1978 ananena poyera kuti Mulungu ndi atate komanso mayi.

Nthawi yake sankhani yomwe ana agona kapena m'mamawa maminibasi asanayambe kulira mahutala. Malaiti akapita ndiye bwinonso, yatsani kandulo koma patali ndi makatani. Khalani pansi, werengani Yesaya 49:15 pang'onopang'ono kawiri katatu, paja Mulungu akufunsa ngati mkazi angaiwale mwana wake woyamwa. Kenako tsekani Baibulo, maso akhale pamalo amodzi a chithunzicho, kaya ndi phiko kaya ndi dzanja, basi khalani chete mphindi 10.

Apa ndiye povuta, chifukwa ife tinazolowera kuti pemphero ndi kulankhula, tikangogwada tayamba mndandanda, renti, fizi ya ana, mtengo wa ufa, odwala kumudzi. Zimenezo zili ndi nthawi yake, pano musapemphe kanthu. Salimo 131:2 likunena za mwana wosiya kuyamwa ali chete pa mayi ake, sakulilira bere. Maganizo akathawira ku Soweto Market, ndipo azathawa ndithu, musadzikalipire, bwezani maso pachithunzi n'kunena mawu amodzi mumtima monga "ndili pano".

Kwa inu amene amayi anu anamwalira kapena simunaleredwe nawo bwino, pempheroli limatha kuwawa, misozi ikabwera isiyeni. Vesi la Yesaya 49:15 lija limapitiriza kuti ngakhale mayi ataiwala, Mulungu saiwala. Zikalemera kwambiri lekezani kaye, mukacheze ndi abambo mfumu kapena asisteri, mubwererenso tsiku lina ndi mphindi 5 zokha.